Dzina la Margarida pa Wailesi

A Rufina anamva dzina la mwana wawo pa wailesi ya ku Malawi, koma mawu otsatira anangomveka ngati munthu akulankhulira m'mtsuko.

"Akuti Margarida watani? Ndi maliro?" anafunsa atagwira mkono wa amuna awo, a Caetano.

A Caetano anagogoda wailesiyo, koma sizinathandize. Anali atangoifukula m'munda wa mbatatesi, momwe anaikwirira poopa asilikali. Margarida anathawira ku Dedza chifukwa cha nkhondo ali woyembekezera, ndipo chichokereni anali asanamve za iye.

A Lino, mlongo wa a Rufina, amene kale ankasamalira zokuzira mawu za m'tchalitchi, analanda wailesiyo.

"Musaimenye, alamu. Mauthenga amawawerenga kawiri."

Kutsogolo kwa wailesiyo kunali timabatani tisanu totsetsereka, tonse titalimba ndi dothi. A Lino anatipala ndi chikhadabo. Tiwiri ta kumanzere, ta mawu a besi, anatitsitsa. Ta pakati anatikweza pang'onopang'ono mpaka kulira kwa m'mtsuko kuja kunatha, mawu a muulutsi n'kumveka bwinobwino.

"Tibwereze. Margarida Caetano wa ku Fonte Boa, amene ali ku Dedza, akudziwitsa makolo ake kuti wachira bwino. Mwana ndi wamkazi."

A Rufina anakhala pansi. Anafuna kuimba nthungululu, koma masiku amenewo phokoso linkaitana mfuti. Anangotseka pakamwa ndi nsalu, mapewa akugwedezeka.

A Lino atanyamuka kuti azipita, a Rufina anawagwira dzanja.

"Khalani, achimwene. Lero simudya kwanu. Bambo, gwirani tambala uja."