Foda Yachinayi

Mayi wina wolemba mapulogalamu a pakompyuta ankanyadira mayina a mafoda ake osungiramo ntchito. Pulogalamu inali imodzi, koma mafoda ogwiriramo ntchito atatu: malume, azakhali, mlamu.

"Ena amangoti foda1, foda2, n'kumasokonezeka," ankatero. "Ine abale anga sindingawasokoneze."

Usiku wina anabwerera ku ofesi kukatenga makiyi amene anaiwala. Anapeza kompyuta yake ikuyaka, mpando uli wofunda.

"Munalowa munthu muno?" mayiyo anafunsa mlonda.

"Ayi, mayi. Ndakhala pakhomo pompano."

Anawerenga mafoda. Analipo anayi. Yachinayiyo inali yotchedwa bambo, imene anaifufuta yekha tsiku la maliro a bambo ake.

Anaitsegula. Zosintha zomaliza zinasungidwa mphindi ziwiri zapitazo, ndi uthenga wakuti: "Mayina umadziwa kupereka, mwana wanga. Koma langali usadzalifufutenso."