Nyimbo ya Mjigo Wakufa

Bambo Gerishomo, wapampando wa chipani pa Kachulu, anakweza dzanja nyimbo ili pakati.

"Imitsa kaye. Mawu ake ayamba nthawi yanji?"

"Ilibe mawu, bambo," anayankha Shamila, atagwira foni yomwe anailumikiza ku sipika.

Mawa lake kunali msonkhano wa aphungu, ndipo nyimbo iliyonse inayenera kudutsa kaye m'makutu mwa bambowa. Ya Shamila inali yachilendo. Anajambula phokoso la nkhafi ikumenya matope pomwe nyanja inaphwera, masipoko a njinga, ndi mjigo wakufa ukulira kwiii, n'kuziluka pamodzi.

"Mjigo umenewu ndi uti?"

"Mjigo basi."

"Si uja aphungu analonjeza kuti aukonza?"

"Mwatero ndinu."

Bambo Gerishomo anacheuka. Amayi oyanika matemba anali atasiya ntchito. Mmodzi anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Nyimbo ya mawu ndimadziwa poidula," anatero Bambo Gerishomo motsitsa mawu. "Iyi aliyense aziikamo zake. Wakutuma ndani?"

"Palibe. Ndimangotola zomwe zikumveka pano."

"Uikemo dzina la aphungu, mawa uimbe."

Shamila anapukusa mutu. Bambowo anazula waya wa sipika n'kuupinda m'manja.

"Ndiye usaoneke pabwalo."

Kenako mayi wina anapukuta manja, n'kumasula foni pamfundo ya chitenje.

"Shamila, tandiikire m'menemu."

"Inenso," anatero wina.

Bambo Gerishomo anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi kuti awasunge m'mutu. Wachitatu pamzerepo anali mkazi wawo.