Wodziwa mafilimu mu wadiropu

Chitseko chakuseri chinalira, chomwe telala, mwini nyumbayo, anakiya yekha asanalowe kubafa. Anaima chilili kuchipinda, thaulo m'chiuno, foni m'manja. Munthu ankayenda monyang'ama m'nyumbamo, dzuwa likuswa mtengo.

Telalayu ndi uja salola mkazi wake kuonera filimu mwamtendere. "Zabodza izi, mayi a mwana," amatero. "Munthu wanzeru angabisale mu wadiropu chigawenga chili m'nyumba? Foni n'kuliranso nthawi yomweyo? Zoseketsazo ndiye kaya, nkhani yake n'kuvula anthu basi."

Analowa mu wadiropu n'kudzitsekera.

Mapazi aja anafika kuchipinda, kenako zii. Anamva munthu akupuma kuseri kwa thabwa. Anayesa kupemphera, koma mawu anathawa.

Foni inalira.

Wadiropu inatseguka pang'onopang'ono. Anali apongozi ake aakazi, simbi yositira ili m'mwamba.

"Ndinu, bambo? Mwana wanga anandipatsa kiyi, anati muli kushopu. Ndimayesa wakuba."

Telalayo anali atakweza kale manja onse awiri. Thaulo linalibenso woligwira.