Matiketi Atatu a pa 9 Julayi

"Amayi, kodi agogo amakhala m'foni?"

Nthanda anafunsa funsoli m'Chingerezi ali ndi zaka zinayi. Tsopano anali ndi zisanu ndi zitatu, mng'ono wake Mwiza zisanu, ndipo agogo awo a ku Dedza anali asanawagwirepo ndi manja. Chaka chino maso a agogowo anayamba kuchita mdima. Bertha anatsimikiza mtima kuti sukulu ikangotseka, iye ndi ana ake awiri akwera ndege, mayi ake akawaone asanaleke kuona.

Koma Julayi ndi mwezi umene aliyense amafuna kuwoloka nyanja. Miyezi itatu Bertha ankafufuza mitengo, m'basi, pa nthawi yopuma, poyembekeza mpunga kuti upse. Lachiwiri lina m'mawa anaupeza. Toronto mpaka Lilongwe, kudzera ku Addis, pa 9 Julayi, pafupifupi theka la mtengo. Mipando inatsala itatu yokha. Anayesa kulipira, khadi linakana. Anayesanso, linakananso. A banki ankafuna awaimbire kaye, nthawi yopita kuntchito inali itakwana, ndipo kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito foni imatsekeredwa m'kabati mpaka shifiti ithe.

Pa lifiti yotsikira pansi m'nyumba yawo yosanja anakumana ndi Mathilda, neba wa khomo loyang'anana nalo pa nsanja ya khumi ndi chinayi, ku Scarborough, dera la mu Toronto. Mathilda anali wa ku Chipata, mayi wodziwa za mapepala. Ndi iye amene anadzaza mafomu a mapasipoti a ana a Bertha pa kompyuta yake. Bertha anamuonetsa foni, nadandaula za khadi, nathamangira basi. Sanauze wina aliyense.

Madzulo mipando ija panalibe.

M'mawa mwake, m'chipinda chochapira zovala, anapeza Fredrick, mwamuna wa Mathilda, atamufulatira, akuseka pa foni. Ankauza wina kuti mkazi wake dzulo wachita changu: matiketi atatu, pa 9 Julayi, Lilongwe, mtengo woti simungakhulupirire. Bertha anabwerera ndi dengu lake osachapa. A ku Chipata amatsikira ku Lilongwe, zimenezo ankazidziwa. Ndipo kwa Mathilda analipo atatu: iye, Fredrick ndi mwana wawo Ryan.

Sanakuwe. Bertha sanali munthu wa phokoso. Anabuloka nambala ya Mathilda. Mathilda atagogoda, anauza ana kuti akhale chete. Envulopu italowa pansi pa chitseko, anaibweza ndi phazi osaitsegula. Italowanso, anaibwezanso. Wakuba akayamba kulemba makalata, anaganiza choncho, ndiye kuti akufuna umuthokoze.

Kenako anakhala pansi n'kuganiza bwino.

Kuno wopita kumudzi salengeza. Amanena atafika. Pakuti akangodziwika, aliyense ali ndi kakatundu kakang'ono kopita kwa achibale, ndipo kukaniza munthu wamkulu amene wakwera mabasi awiri kudzakupatsira ndi manyazi amene amakafika kumudzi iwe usanafike. Bertha anatsegula gulu la pa foni la Amalawi ndi a ku Zambia, anthu oposa mazana awiri, nalemba mwaulemu wonse:

"Abale, tiyamike Mulungu. A Mathilda apeza matiketi atatu a pa 9 Julayi. Akuti masutikesi ndi asanu ndi limodzi ndipo malo alipo ambiri. Amene ali ndi katundu wa ku Malawi kapena ku Chipata asachite manyazi."

Anaikanso nambala ya khomo la Mathilda.

Anthu anayamba kubwera Lachisanu. Bertha ankaonera pa kabowo ka chitseko. Nsapato za ana m'majumbo. Mafoni akale. Mavitamini. Mayi Sandra anachokera ku Hamilton ndi diresi laukwati ndi makina osokera, akuti n'ngopepuka. A Yotamu, mkulu wa mpingo, anabweretsa chitsulo cha galimoto chokulunga m'thawulo, napemphereranso ulendowo ali pakhomo pomwepo. Mathilda ankatsegula chitseko, n'kuyamba kufotokoza kanthu, koma wobwera aliyense ankamudula ndi madalitso n'kutula katundu. Kenaka anangosiya kufotokoza. Ankalandira ndi manja awiri, n'kuyang'ana chitseko cha Bertha nthawi yaitali.

Bertha anadya bwino sabata imeneyo. Anawerengera kuti sutikesi iliyonse imaloledwa makilo makumi awiri ndi atatu, ndipo chitsulo cha a Yotamu chokha chatha theka. Mathilda akapita kwawo ndi zovala zomwe wavala. Akafika, tchuthi chonse chikathera m'maminibasi, kusakasaka eni ake a majumbo kuyambira ku Mchinji mpaka ku Mulanje.

Lamlungu masana kunamveka kukhwekhwereza m'khonde. Bertha anasuzumira. Fredrick ankaunjika katundu yense pakhomo pake, Mathilda ataima pambali ndi envulopu ija, yodetsedwa ndi mapazi. Ulendo uno Bertha anatsegula. Mawu anali atawakonza masiku asanu.

Mathilda anamutsogolera. "Amake Nthanda, envulopuyi mwaimenya mateche mokwanira. Tsegulani, mukatero munditukwane bwino."

Bertha anaing'amba. Matiketi atatu, pa 9 Julayi. Mayina ake: Bertha, Nthanda, Mwiza.

"Khadi lanu linakana, langa silinakane," anatero Mathilda, akukankhira makina osokera m'nyumba mwa Bertha ndi phazi. "Ndipo ndikukulonjezani, aneba, ku bwalo la ndege ndidzakuperekezani ndekha. Sitidzasiya ngakhale nsapato imodzi."