Maere Anagwera Remi

Murdo Keddy anakulunga mendulo yake m'sokosi yakale n'kuiponya m'katoni imene inali pabenchi m'shedi ya mabwato. Ya Remi Surette inali kale momwemo. Kalata ya akuluakulu a masewera inati mamendulo onse awiri abwezedwe sabata isanathe.

Panja, nyanja ya Banook inali itayamba kuundana m'mbali chifukwa cha chisanu. Panalibe ndi mmodzi yemwe wopalasa m'mawa umenewo.

Murdo anatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akugwada bondo limodzi m'bwato, kupalasa mbali imodzi mpaka phewa lamanja linakula kuposa linzake. Mendulo ya mkuwa ya mpikisano wa dziko lonse anadzaipeza mawondo atatha kale, ali ndi zaka 36, iye kumbuyo, Remi kutsogolo. Anaisunga miyezi itatu yokha basi.

Mpikisano uja utatha, oyeza mankhwala anachita maere kuti ayeze munthu mmodzi pabwato lililonse lopambana. Maere anagwera Remi. Mumkodzo wake munapezeka mankhwala oletsedwa opatsa mphamvu. Ndipo lamulo lake ndi louma: akalakwa mmodzi, bwato lonse lalakwa.

Tauni yonse ya Dartmouth inamufulatira mnyamatayo. Chithunzi chake anachitsitsa pakhoma la kalabu ya opalasa mabwato, msomali wokha n'kutsala. Makolo anachotsa ana awo amene Remi ankawaphunzitsa kupalasa Loweruka. Koma Murdo, ee! Anthu ankapita kwawo ndi mapoto a supu wa nsomba ngati pagwa zovuta. Ndipo ndani sakanamumvera chisoni? Zaka zonse zija, n'kudzagwetsedwa ndi mwana wa dzulodzuloli.

Mayi Doreen Zwicker, amene asunga makiyi a shediyo zaka makumi atatu, anabwera ndi tepi yomatira katoni.

"Mata wekha, mwanawe. Ine ndi ukali ndili nawowu sindingathe," anatero. "Kamnyamata kameneka ndinkakaphikira khofi m'mawa uliwonse. Kakangoponda muno, ndikaswa ndi nkhafi."

"Msiyeni, mayi."

"Ndimsiye? Iwe mtima wabwinowu udzakupha."

Chitseko chinalira. Anali Remi, jekete itamukulira, masaya atalowa, pepala lopindapinda lili m'manja. Mayi Doreen anatsonya mokweza n'kutuluka, phewa lawo likumukhula dala.

"Achimwene," anatero Remi, maso ali pakatoni. "Apilo ndi Lachinayi. Loya akuti ndikasonyeza mmene zinthuzi zinalowera m'thupi mwangamu, andichepetsera chilango. Ndikalephera, zaka zinayi osakhudza nkhafi."

Anatambasula pepalalo pabenchi. Anali atalembapo chilichonse chimene chinadutsa pakamwa pake sabata ya mpikisano: phala, nthochi, mazira a kuhotela, chingamu, mankhwala otsukira mano. Zimene zikanatha kuyezedwa anaziyezetsa zonse. Zonse zinatuluka zabwinobwino.

"Ndinafika pomufunsa Odile ngati anandithirira kanthu m'tiyi," anatero. "Odile, achimwene, mkazi woti tikwatirane mu Juni! Anangovula mphete n'kuiika patebulo. Mayi anga asiya kupita ku Misa. Akuti anthu amawayang'ana."

Murdo ankafunafuna ndi chikhadabo poyambira tepi.

"Tsiku lija tinali limodzi kuyambira m'mawa. Palibe chimene mukukumbukira? Kalikonse, ngakhale kooneka kopusa. Mawu anu okha akuluakuluwo angawamve. Ine palibe akundikhulupirira."

Murdo anakoka tepi. Phokoso lake linadzaza shedi yonse. Anamata katoni kamodzi, kawiri, n'kudula ndi mano.

"Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, mphwanga," anatero. "Palibe."

Remi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapinda pepala lake, koma thumba la jekete analiphonya kawiri. Kenako anakhala pansi pa simenti yozizira ija, pakati pa mabwato, n'kuyamba kulira ngati mwana. Zinali zomvetsa chisoni, ngakhale kwa munthu womukwiyira.

"Sindinamwe dala, ndikulumbira pali mayi anga. Koma ine ndili ndi zaka 24, mwina ndidzabwerera. Inu ndiye basi. Ndakudyerani mendulo yanu yoyamba ndi yomaliza. Mundikhululukire, achimwene."

Murdo anagwada, bondo lija likulira, n'kumugwira kumbuyo kwa khosi.

"Ndinakukhululukira kalekale. Dzuka, usandililire ngati ndafa. Pita kwanu ukadye, waonda ngati nkhafi."

Remi anaseka pang'ono misozi ili m'maso. Anadzuka, anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete, n'kutuluka. Mayi Doreen, amene anamva zonse ataima pakhomo, anamupatukira osamuyang'ana, kenako anadzipukuta m'maso ndi chala.

"Anthu ngati iwe anatha, Murdo," anatero. "Ine sindikanatha, ndisaname."

Anapita kukatereka khofi. Murdo anatsala yekha. Anatenga cholembera n'kulemba adiresi pakatoni, chilembo chimodzichimodzi.

Ankakumbukira bwinobwino. Tsiku lija akupalasa kupita poyambira mpikisano, Remi anaponya dzanja kumbuyo osacheuka n'kutola botolo limene linali pafupi ndi phazi la Murdo, lomwe Murdo anali atasungunuliramo kale ufa wake wa mankhwala oletsedwa aja. Anamuyang'ana mnyamatayo akumeza kamodzi, kawiri, katatu, ndipo sananene kanthu.