Mzere wa Mayi Pakhoma la Bafa

"Aitaneni mayi adzayese," anatero akalipentala, atagwada m'bafa, tepi yoyezera ili m'manja. Za maliro anali asanamve. Sabata imene tinaika mayi, iwo anali kutali ndi ntchito ina.

Ndinawauza. Anaisiya tepi ija, ndipo inadzikulunga yokha.

Pakhoma panali mzere wa pensulo, m'munsi mwa chiuno changa. Unali wokhota, chifukwa mayi anaumirira kuulemba okha ndi dzanja lamanzere, atakhala panjinga yawo ya olumala. Ankafuna kabati ya sinki yaifupi, yopanda chitseko pakati, kuti maondo azilowa.

"Ndatopa kusukusulidwa ngati khanda ndi munthu wothawa ku koleji," ankandinena choncho, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Pepani, achimwene," anatero akalipentala. "Matabwa sindinadule. Tikhoza kukweza, tiike yaikulu ya zitseko ziwiri. Inutu ndinu wamtali."

Alongo anga ananena zomwezo pafoni dzulo lake, kuti nyumba ndi ya amoyo. Iwo amene ankabwera kamodzi pamwezi ndi maluwa.

Akalipentala ananyowetsa chala ndi malovu kuti afufute mzerewo. Ndinawagwira dzanja.

"Dulani muyezo womwewo, bambo."

"Muziwerama m'mawa uliwonse? Msana umenewu mudzaulira."

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuwerama m'bafa muno," ndinatero. "Ndikaimirira bwinobwino, sindidziwa poika manja."