Sanapezeke Pakhomo

Kalatayo inawerengedwa m'mawa, magalimoto asanatuluke. Akapitawo anakwera pabokosi pakati pa depoti, madalaivala atawazungulira, ena akumangabe zingwe za nsapato. Chakumbuyo kunaima bambo wa imvi amene onse ankangowatchula kuti a Fotini, nambala ya galimoto yawo. Dzina lawo lenileni panalibe wolidziwa. Chitsekereni kampani madepoti awiri n'kuunjika anthu onse muno, maina anatsalira m'makompyuta.

Wolemba kalatayo anali mwamuna amene mkazi wake ankadwala mtima. Mankhwala ake ankachokera kuchipatala chakutali mwezi ndi mwezi, paphukusi. Mwezi watha sanafike. Katatu konse pafoni panabwera uthenga wakuti mwini katundu sanapezeke pakhomo, chonsecho mayiyo sankatha n'komwe kufika pageti. Mwamunayo anaimbira ofesi ya madandaulo, kunkayankha makina. Anafunsa kudepoti pafoni, anamuuza kuti phukusi lili m'njira. Patsiku lachisanu ndi chinayi mayi uja anakomoka m'bafa, ndipo sanatsitsimukenso.

A Fotini ankangoyang'ana lamba wonyamula katundu akuzungulira wopanda kanthu. Mumtima munali zii. Msewu umene unatchulidwawo ankaudziwa, nyumbayo ankaidziwanso, mpaka geti lake lokhota lija. Ankadziwanso tanthauzo la mawu akuti "sanapezeke pakhomo." Pamene ankayamba ntchitoyi, dalaivala ankanyamula mapukusi makumi asanu ndi atatu patsiku, ankagogoda, kudikira, kupereka moni. Tsopano anali pafupifupi mazana awiri, ndipo kamakina ka m'manja kankapatsa munthu mphindi imodzi ndi theka pakhomo lililonse. Ukachedwa kankalira. Kakalira katatu, madzulo unkakaima muofesi. Ndiye aliyense anaphunzira kudina mawu aja asanatsike n'komwe m'galimoto. A Fotini nawonso ankawadina, kambirimbiri, chala chitazolowera ngati kuyatsa nyali.

Woyamba kulankhula anali mayi wosankha katundu amene anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankazima. Anakumbutsa akapitawo kuti osankha katundu anali khumi ndi awiri, lero atsala anayi. Anati nkhaniyi anaidandaula pamisonkhano itatu, analemba chikalata, onse anasaina, koma yankho linali chipepala chomata pakhoma cholimbikitsa anthu kumwetulira.

"Tinanena kuti tsiku lina tidzapha munthu," anatero. "Ndi izi."

Panalibe womuombera m'manja. Akapitawo, nkhope ili yotopa, anafotokoza kuti sabata imeneyo njira ija inayendedwa ndi madalaivala asanu osiyanasiyana, timakina tinkasinthanitsidwa, choncho wodina sakudziwika. Anthu anayamba kuyang'anana cham'mbali. Maso ambiri anakathera pa a Fotini, amene chakumapeto kwa mwezi womwewo anasowa masiku atatu n'kubwerera osadya nawo, osaseka nawo.

Phukusi lenilenilo linali litapezeka dzulo lake, litagwera kuseri kwa shelefu ya katundu wobwezedwa. Linali laling'ono, lopepuka, lotuwa ndi fumbi. Kulikulu analamula kuti likaperekedwe ndithu, pamodzi ndi khadi lopepesa losindikizidwa kale. Akapitawo anawerenga nambala ya phukusilo, namwazamwaza maso.

"A Fotini, inu ndinu wamkulu, mumadziwa kulankhula ndi anamfedwa. Mukapepese m'malo mwa tonsefe. Koma musakachedweko, lero katundu ndi wambiri."

A Fotini analilandira ndi manja awiri. Akupakira katundu m'galimoto, Wailesi anawatsatira, nawanong'oneza kuti ngati anadina ndi iwo asazisenze okha, olakwa enieni ali m'maofesi ozizira kumtunda uko. Anawaumiriza kuti amwe kaye tiyi. Iwo anathokoza, natseka chitseko.

Anayamba ndi makomo ena monga mwa ndondomeko. Panyumba ina galu anauwa, pena mwana analandira, pena anangodina n'kupitirira. Ankayendetsa bwinobwino, kuima pamaloboti, kupatsa njira oyenda pansi, ngati thupi likugwira ntchito palokha mwini wake atatsala kwina. Khadi lopepesa linali pampando wa pambali. Ataima pamzere wa magalimoto analitsegula: kampani inali kudandaula chifukwa cha "kusokonezeka kulikonse kumene kungakhale kutachitika," ndipo inkayembekezera kuwatumikiranso.

Dzuwa lili paliwombo anafika mumsewu uja. Anazimitsa injini, nakhala kanthawi manja ali pachiwongolero. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene ankayanika zovala, anawaona akutsika ndi phukusi, anasiya chovala m'beseni n'kugwira pakamwa. A Fotini anamugwedezera mutu, nalowa pageti.

Pakhonde maluwa a m'zitini anali atafota. Makatani anali otseka. Anaima pakhomo, phukusi m'khwapa, khadi m'manja.

Sanagogode. Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi, natsegula. Anapitirira mpaka kuchipinda, naika phukusilo pabedi, mbali imene ankagona mkazi wawo.